Mwana Wanga, Wakhala Loya wa Mzinda

Mwana wanga, za malamulo wamaliza ku Zomba, mkanjo wakuda wavala, ndipo tsopano akulemba ntchito ya uloya ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Ndakondwa kwambiri. Koma khala pansi undimvere, poti mawu a akulu amakoma akagonera. Anzako a m'kalasi akuthamangira kumaofesi a maloya komwe ndalama imabwera msanga, ndipo ndamva kuti ena akukuseka kuti wasankha ntchito yowuma. Aleke aseke. Iwo adzaimirira amene wawalipira tsikulo, pomwe iwe wapatsidwa mzinda wathunthu kuti uuyankhulire.

Choyamba, dziwa mwini ntchito yako. Malipiro ako adzadutsa m'manja mwa mkulu wa khonsolo, ndipo pamisonkhano udzakhala pafupi ndi mfumu ya mzinda ndi makhansala. Uwapatse ulemu wonse. Koma wakulemba ntchito ndi khonsolo, ndipo khonsoloyo ndi ya anthu 989,318 amene anawerengedwa mumzinda muno pa kalembera wa 2018, pamodzi ndi onse abadwa ndi kusamukira kuno chiyambire pamenepo. Makhansala amabwera ndi chisankho n'kupitanso ndi chisankho. Ife taona mzinda uno ukuyenda wopanda khansala ndi mmodzi yemwe kuyambira 2005 mpaka 2014. Akuluakulu a m'maofesi amasamutsidwa ndi kalata imodzi. Ukamangirira mtima wako pa munthu, tsiku limene adzachoke udzatsala padzuwa, ndipo zonse zimene unamukonzera zidzatsala zili ndi dzina lako.

Chachiwiri, uyende mzindawu ndi mapazi. Usaudziwire pa mapu a ku Civic Offices okha. Ine ndinauona Lilongwe akadali boma laling'ono la masitolo a amwenye ndi alimi a fodya. Mu 1966 anthu ake sankakwana 20,000. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linachoka ku Zomba kudza kuno. Midzi inasamutsidwa kuti pakhale maofesi ndi misewu. Amene anajambula mzindawu anaika mayadi aakulu amithunzi ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, pafupi ndi Capital Hill ndi City Centre, anthu wamba n'kuwakankhira kutali ndi ntchito. Amene malo anawasowa anadzipezera okha: Mtandire kuseri kwa Area 47, Kauma kuseri kwa Area 12, Mgona cha ku Kanengo, Chinsapo panjira ya ku Likuni. Mlonda amene amachezera pageti ku Area 12 kwawo n'ku Kauma. Mayi amene amachapa ndi kuphika ku Area 47 amadzera ku Mtandire mbandakucha. Ukapanda kudziwa mbiri imeneyi udzayesa kuti anthuwa ndi akuba malo chabe, ndipo udzalemba makalata ouma mtima.

Tsika ku Old Town. Yenda mu Malangalanga dzuwa lili paliwombo, ulowe mudepoti, uime pa Bwalo la Njobvu, uwoloke timilatho tamitengo ta pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu. Ununkhize ngalande yotsekeka ndi mphuno yako. Fayilo ya msika ikadzafika padesiki pako uzidzaona nkhope za anthu, osati nambala ya benchi yokha.

Tsopano ndikuuze chimene chandikhalitsa pansi nawe. Lamulo likhale limodzi, kumayadi ndi kumakomboni komwe. Wogulitsa chimanga akaphwanya ndowa yoyezera kunsi kuti ichepe, amabera anthu tsiku limodzi, koma msika wonse ukadziwa palibenso amene amakhulupirira ndowa iliyonse. Lamulo la khonsolo likayamba kupendekera limatha mphamvu momwemo. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti tsiku ndi tsiku asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Pomwepo pali eni nyumba zosanjikizana ndi mipanda italiitali amene msonkho wa malo ndi nyumba, uja amati city rates, akhala osapereka zaka zambirimbiri, ndipo ngakhale maofesi a boma amene amatchulidwa pa ngongole yomweyo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa khonsolo mphamvu yotolera msonkhowu ndi yotengera okana kulipira kukhoti. Mphamvu imeneyo ukayambe kuionetsa kwa amene ngongole yawo ndi yaikulu. Ukayambira kwa mayi wamasiye wa ku Kawale amene watsalira miyezi ingapo, n'kumuzemba mkulu wa ku Area 43 chifukwa ali ndi nambala ya nduna mufoni mwake, anthu adzaona. Sadzakuuza pamaso, koma adzaleka kulipira, ndipo galimoto yotola zinyalala idzaima chifukwa chosowa mafuta.

Chimodzimodzi pa zomanga. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire. Madzi amafuna njira yawo. Dambo likadzaza ndi mipanda ya njerwa, madziwo amakagwera amene ali kumunsi, ndipo kumunsi kumakhala osauka. Tsono akakuuza kuti ukonze zikalata zogumulira nyumba zomangidwa m'mbali mwa mtsinje, ufunse kuti mndandandawo wayambira pati. Ngati muli tinyumba ta zidina tokhatokha, pomwe chinyumba cha munthu wodziwika chili phee pakati pa dambo lomwelo, ukane kusaina mpaka nacho chilowemo. Ndipo usalole kuti nyumba ya munthu igwe iye asanachenjezedwe ndi kumvedwa. Nthawi ya mvula, ana ali m'kati, chigalimoto chogumula chisapite.

Chenjera ndi malo. Palibe chimene chagwetsa anthu ophunzira mumzinda muno kuposa mapoloti. Eni malo kuno ndi angapo: unduna wa za malo uli ndi ake, Malawi Housing Corporation ili ndi ake, khonsolo ili ndi ake, ndipo m'mphepete muli mafumu amene amagawa monga kumudzi. Pakati pa onsewa pamayenda madobadoba, amene angathe kugulitsa poloti imodzi kwa anthu atatu, aliyense ndi pepala lake lachidindo. Adzabwera kwa iwe akumwetulira. Sadzayamba ndi ndalama, ayi. Adzayamba ndi kukuyamikira, kenako kukulipirira nkhomaliro ku City Centre, kenako adzati pali kamalo kena katsala ku Area 49, bwanji tilembe dzina la mlongo wanu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bwalo la mpira la ana, malo osungira sukulu, njira ya ngalande, manda, zimenezi si zako ndipo si za bwana wako. Ukasaina kuti zikhale poloti ya munthu, ana a dera limenelo adzakula akusewera pamsewu, ndipo wina adzagundidwa ndi galimoto chifukwa cha dzanja lako.

Kumbukiranso kuti mlandu suwola. Bungwe lothana ndi katangale la ACB lilipo, ofesi ya Ombudsman ilipo, ndipo kuyambira September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma likugwira ntchito. Pepala limene wabisa lero, mtolankhani angathe kudzalipempha mawa. Unali wamng'ono mu 2013 pamene nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, ija ya Cashgate, inaululika ku Capital Hill, koma ife tinaona anthu ovala masuti akukwezedwa m'galimoto ya kundende ya Maula, ana awo akuyang'ana. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

Malangizo ako uziwalemba. Bwana akakuitana n'kukuuza pakamwa kuti chita chakuti, ndipo iwe waona kuti lamulo likukana, umuyankhe mwaulemu, ubwerere ku ofesi, ulembe kalata yaifupi yonena chimene lamulo likunena ndi chimene chingagwe mukalinyozera. Uike tsiku, usunge kope lako. Ukatero wamuteteza iyeyo, wateteza khonsolo, wadzitetezanso wekha. Loya wongovomera chilichonse amakondedwa miyezi yochepa, koma zinthu zikavuta ndi iye amene amamuloza chala, amvekere tinafunsa kwa loya.

Kukana kuli ndi mtengo wake, sindikubisira. Orton Chirwa, nduna yoyamba ya za malamulo m'dziko muno, anasemphana ndi Kamuzu mu 1964, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Mkazi wake Vera, loya woyamba wamkazi m'Malawi, anakhala m'manja mwa boma kuyambira 1981 mpaka 1993. Iwe lero sakutsekera chifukwa chokana kusaina. Angakumane ulendo wa kunja, angakuchedwetse kukwezedwa, angaleke kukupatsa moni. Zimenezo n'zopiririka.

Pa za mavenda ufatse, poti nkhani yake njovuta kuposa mmene amaikambira pawailesi. Msewu ndi wa onse, ndipo zakudya zogulitsira pambali pa ngalande zimapha. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Choncho dongosolo likufunika, ndipo usachite manyazi kuliteteza. Koma mu 2006 boma linasesa mavenda onse m'misewu pa Operation Dongosolo, ndipo lero tapita ukaone ngati misewuyo ili mbee. Munthu wanjala amabwerera pamene pali ogula. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wochita malonda ndi kupeza zofunika pamoyo kulikonse m'Malawi. Uziuza makhansala kuti asanatumize alonda a khonsolo ndi apolisi, ayambe aonetsa malo ena okhala ndi madzi, zimbudzi ndi ogula. Katundu wolandidwa azilembedwa m'buku, mwini wake apatsidwe lisiti. Nthochi ndi kaunjika zolandidwa zikathera m'nyumba za olanda, kumeneko n'kuba, ndipo adzalipira ndi khonsolo.

Usaderere munthu chifukwa wanyamula majumbo. Mayeso Gwanda anali venda wogulitsa majumbo ku Blantyre. Apolisi anamugwira m'mamawa mu March 2015 akupita ku malonda ake, namutsegulira mlandu wa vakabu. Iye sanagonje, ndipo mu January 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene anthu osauka ankagwidwa nalo kuyambira nthawi ya atsamunda, likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Malamulo ang'onoang'ono a khonsolo amene udzawapeze m'kabati, ena ndi akalekale. Uwawerenge limodzi ndi limodzi, ndipo amene akuponda ufulu wa anthu uwatengere kwa makhansala akonzedwe, khoti lisanakuchititseni manyazi. Atsopano adutse m'njira zonse mpaka kusindikizidwa mu Gazette. Chindapusa chimene sichinakhazikitsidwe mwalamulo usalole kuti munthu alipiritsidwe.

Munthu akamanidwa chiphaso cha bizinesi kapena chilolezo chomangira, auzidwe chifukwa chake, ndipo chilembedwe. Gawo 43 la malamulo aakulu likutero. Mawu oti bwerani mawa, fayilo sikuoneka, bwana atuluka, ndi amene amabala ziphuphu, chifukwa munthu akatopa amayamba kufunsa kuti ya fanta ndi zingati.

Makalata a kukhoti usawagoneke. Samani ikafika, ili ndi masiku ake oyankhira, ndipo masikuwo akadutsa woweruza amagamula inu kulibe. Kenako amabwera masherifi kudzanyamula magalimoto ndi makompyuta. Galimoto imene idzakokedwe si ya iwe; ndi ija imatola zinyalala, mwina ndi yozimitsa moto. Ukhale ndi buku lolembamo tsiku la mlandu uliwonse, ndipo ufike kukhoti ku Area 3 woweruza asanalowe. Wina akatenga chiletso choimitsa ntchito ya khonsolo, chimvere ngakhale chikukuwawa, kenako upite ukachitsutse m'njira yake. Khonsolo ikanyoza chigamulo cha khoti, ndi nkhope yanji imene idzauzire nayo wa kabaza kuti amvere lamulo?

Koma si mlandu uliwonse woyenera kuulimbana. Mu July 2017 anthu a ku Area 18 anatsegula mipope yawo n'kutunga madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'chimbudzi, ndipo nkhaniyo inakafika ku bwalo lalikulu, khonsolo ili m'gulu la osumiridwa. Tsiku lina fayilo yofanana ndi imeneyo idzafika kwa iwe: mwana wagwera m'dzenje losiyidwa pululu, kapena wantchito wachotsedwa osamumva. Ukaiwerenga n'kuona kuti khonsolo inalakwadi, uwauze akuluakulu kuti apepese ndi kulipira chipepeso choyenera msanga. Kukoka mlandu zaka ndi zaka kuti wodandaula atope kapena amwalire ndi nkhanza, ndipo chiwongoladzanja chake chimadya ndalama zokonzera misewu. Luso lako lonse ulisungire aja ofuna kubera khonsolo ndi milandu yabodza, chifukwa nawonso alipo ambiri. Amenewo usawamvere chisoni.

Kontirakiti iliyonse uiwerenge mpaka tsamba lomaliza, ngakhale akuuze kuti nduna ikudikira kudula riboni. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma lilipo kuti ntchito ipite kwa woidziwa pamtengo woyenera. Uonetsetse kuti mwalembedwa chimene chidzachitike msewu ukakumbika mvula yoyamba. Safunsa anadya phula. Chimene sukuchimvetsa, funsa mainjiniya.

Zandale uzisiye pageti. Voti ndi yako, ukaponye mwakachetechete. Koma nsalu ya chipani isaoneke m'galimoto mwako, chifukwa boma limasintha, ndipo amene ukumunyoza lero ndiye adzakhale mfumu ya mzinda mawa.

Tsopano za kunja kwa ofesi. Sukulu yako sinalipiridwe ndi makolo ako okha. Misonkho ya alimi a fodya ndi ya amayi a mumsika inamanga makalasi amene unakhalamo, choncho uli ndi ngongole kwa anthu amene sudzawadziwa mayina. Lamulo la maloya masiku ano limafuna kuti azithandizako anthu mwaulere, koma iwe usadikire kuti wina akuwerengere maola. Kutchalitchi kwanu, ku bungwe la amayi, ku komiti ya sukulu, pempha mphindi zochepa uwafotokozere anthu za wilo. Ambiri sadziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Ndaona amayi akutulutsidwa m'nyumba zimene anaumba okha njerwa zake, maliro asanathe n'komwe, chifukwa panalibe wowauza. Uwaphunzitse kufufuza mwini weniweni wa poloti asanapereke ndalama. Wopanda ndalama ya loya umulozere ku Legal Aid Bureau, ndipo ngati n'kotheka umulembere kakalata kofotokoza nkhani yake kuti asakasochere. Ku Maula kuli anthu amene akhala nthawi yaitali osaonekera pamaso pa woweruza; ukamva kuti anzako akupita kukawathandiza, pita nawo.

Koma samala apa. Munthu amene akulimbana ndi khonsolo sungamuimirire, ngakhale akhale mbale wako, ndipo zinsinsi za mu fayilo usapite nazo kunyumba. Mapanga awiri avumbwitsa. Umuuze poyera kuti pamenepa manja anga ngomangika, umutchulire kumene angapeze thandizo. Abale adzabwera ndithu, wina kufuna benchi mumsika, wina ntchito ya ulonda, wina kuti umufafanizire ngongole. Apatse za m'thumba mwako ngati uli nazo. Za khonsolo usapereke. Adzakunena kuti wayamba kunyada, koma akadzamva kuti wamangidwa, omwewo ndi amene sadzabwera ndi chakudya kundende.

Yankhula Chichewa ndi anthu. Kukhoti mumatsutsana m'Chingerezi, n'zoona, koma gogo akabwera ku ofesi ndi kalata imene sakuimva, mupatse mpando, mulonjere, umufotokozere m'chinenero chake mpaka agwedeze mutu. Mafumu a m'madera monga Chinsapo ndi Kauma uwalemekeze. Ndi amene amaika maliro ndi kuweruza timilandu ta malire, ndipo ukawadutsa palibe chidziwitso cha khonsolo chimene chidzamveke. Ukasiyana nawo pa za malo, uwauze choona mwaulemu, paokha, osati pagulu. Makalaliki ndi mamesenjala amene unawapeza pantchito usawayese achabe. Ena alowa ntchito iwe usanabadwe, ndipo amadziwa kumene fayilo iliyonse inagona. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Usapikisane ndi anzako a m'maofesi a maloya pa galimoto ndi nyumba. Iwo akamanga ku Area 43 iwe ukadali pa lendi, mtima udzawawa, ndikudziwa. Koma ngongole ya katapila ndi mowa wa tsiku ndi tsiku ndiwo makomo amene madobadoba amalowera. Munthu amene ali ndi ngongole pakhosi savuta kugula. Idya zimene malipiro ako angakwanitse, umange pang'onopang'ono, ugone tulo.

Lolemba ukafika ku ofesi, usayambe ndi kufunsa za galimoto kapena za alawansi. Upemphe mndandanda wa milandu yonse imene khonsolo sinayankhe, ndi mndandanda wa amene ali ndi ngongole zazikulu za msonkho, uyambire pamwamba. Ndipo mwezi ukatha ubwere kuno, mwana wanga, udzandiuze zimene wapeza.